Makapisozi Opanda Ufa

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindine mlembi ayi. Zomwe ndalembapo pa moyo wanga ndi mayeso a kusukulu ndi malipoti a mu labotale, momwe pafupifupi chiganizo chilichonse chimayamba ndi mawu oti "zikuoneka kuti". Choncho mukaona ndikubwerera m'mbuyo kukawongola mawu amene ndanena kale, mundikhululukire, n'chizolowezi. Ndipepesenso kwa bambo anga, eni nkhaniyi. Ndinawapempha chilolezo ndipo anavomera, ngakhale anayamba afunsa kaye kuti amene aziwerengawo ndi ndani, ndipo akufuna chiyani kwenikweni.

Bambo ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi. Muli makina osokera opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, benchi ya makasitomala, ndi katani kumbuyo komwe anthu amayeserako zovala. Makina a magetsi anawakana kalekale. Amati chinthu chimene chingaime chifukwa munthu wina amene sukumudziwa wazimitsa magetsi kwinakwake, si chako.

Mumsewu monsemo amadziwika ndi dzina loti a Yesanikaye. Ali mnyamata, akuphunzira kumene ntchito, anagula ulusi wooneka bwino kwa munthu wina woyendayenda nawo, n'kusokera diresi la mkwatibwi. Diresilo linamasuka kumsana mkwatibwi akuwerama, anthu onse akuona. Chiyambire tsiku limenelo palibe chimene bambo amachikhulupirira asanachiyese. Ulusi amaukoka mpaka uduke. Wogulitsa nsalu akanena kuti ndi ya thonje, amasololapo kaulusi, kukatentha ndi machesi, n'kununkhiza. Kasitomala akatchula yekha muyezo wa m'chiuno mwake, bambo amangomwetulira n'kuvula tepi m'khosi. Mayi amati pa tsiku la ukwati wawo anali chire, kudikira kuti nawonso akokedwe kuti zioneke ngati aduka.

Sindikufuna muwaone ngati munthu wouma mtima. Ndi munthu wanthabwala, ndipo chovala chimene asoka iwo chimatha ndi nsalu, osati msoko. Phazi lawo lamanja, lopalasira makina lija, ndi limene linandifikitsa ku koleji.

Chaka changa chomaliza ku kolejiko ndinachita kafukufuku wamng'ono. Ndikuti wamng'ono chifukwa analidi wamng'ono, wina asaganize kuti ndinatulukira chinthu. Ndinkafuna kuona ngati madzi a masamba a gwafa angaphe mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timayambitsa mafinya pachilonda, powayerekeza ndi mankhwala a kuchipatala. Kachitidwe kake n'kosavuta. Mumapaka tizilomboto m'kambale kagalasi momwe mwaika chakudya choti tikulirepo. Kenako mumaikapo timapepala tozungulira, tating'ono ngati mabatani a shati: kena konyowetsedwa ndi mankhwala a kuchipatala, kena ndi madzi a masamba, kena ndi madzi wamba. Mawa lake mumapeza tizilombo tamera m'mbale monse mbuu, kupatula pozungulira kapepala kamene kali ndi mphamvu. Pamenepo pamatsala bwalo loyera, ndipo mumayeza kukula kwake.

Lamlungu lina masana ndinawaonetsa makolo anga zithunzi za timbaleti pa foni. Bambo anavala magalasi, anatenga foniyo, n'kuyamba kuyeza mabwalowo ndi tepi pa galasi la foni lomwelo.

"Lalikululi ndi la chiyani?"

"La mankhwala a kuchipatala, bambo."

"Nanga kakang'onoka?"

"Ka gwafa."

"Gwafa yemweyu wa kuseri kwa bafayu?"

"Mtundu wake ndi womwewo, koma masambawo ndinawaumitsa kaye, kuwasinja, kuwaviika, kusefa..."

Sanandimvere. Anali atafika kale pa chithunzi china. "Nanga apa bwanji? Kapepala ka kuchipatala kangokhala duu, bwalo palibe. Koma ka gwafa kali nalo."

Ndinafotokoza kuti pali mabakiteriya ena amene anazolowera mankhwala ena moti safanso nawo, ndipo m'kambale kameneko munali oterowo.

"Ndiye champhamvu n'chiti, a Dokotala?" Amanditchula choncho pondiseka. Sindine dokotala, ndimangoyeza magazi ndi mafinya.

"Zimatengera, bambo. Pakufunika kafukufuku wina."

"Mayi ake, mwamva? Ndapalasa makina mpaka imvi kuti mwana adzandiuze kuti zimatengera!"

"Watengera inuyo," anatero mayi ali kukhitchini. "Inu munayamba mwayankhapo funso osayesa kaye?"

Tinaseka tonse, nkhani n'kuthera pomwepo. Kapena nditi, ine ndinkaganiza kuti yathera pomwepo.

Patapita miyezi, ine nditayamba ntchito n'kusamukira mbali ina ya tauni, bambo anadzicheka pa msongolo wa mwendo wamanja ndi chitsulo cha kunsi kwa makina, akubwezeretsa lamba. Kanali kabala kosati n'kukatchula. Koma bambo ali ndi matenda a shuga, ndipo kabalako sikanapole. Kanayamba kutuluka mafinya, pozungulira pake n'kutupa. Mayi anachita kuwakoka kupita nawo kuchipatala. Namwino anatsuka balalo, analimanga bandeji, ndipo analemba mzere ndi bolopeni kuzungulira potupapo. Anawauza kuti kutupako kukadutsa mzerewo abwerere msanga, chifukwa bala lotere kwa munthu wa shuga limatha kudulitsa mwendo. Pa windo lolandirira mankhwala anawapatsa makapisozi m'kathumba ka pulasitiki, oti azimwa mpaka athe.

Nditapita kukawaona kumapeto kwa sabata ndinapeza akutsimphina. Bandeji anakana kuti ndiimasule. Anati namwino wamanga bwino, a Dokotala asavutike. Koma nditagwira pa bondo kunja kwa buluku, mwendo unali wotentha ngati ayironi yongozimitsa kumene.

"Mankhwala akumwa?" ndinawafunsa mayi.

"Ndimaima pompo mpaka ameze. Dikira uone wekha."

Nthawi itakwana bambo anatulutsa kathumba kaja m'thumba la malaya, anaponya kapisozi m'kamwa, anamwera madzi, n'kutulutsa lilime. "Onanitu, apolisi. Mufuna muunikenso ndi tochi?"

Apa m'pamene kukayikira kunandilowa, ndipo sikunandichoke msanga. Munthu akumwa mankhwala pa nthawi yake, mwendo ukuipiraipira. Poyamba ndinakayikira tizilomboto, kuti mwina ndi tija tozolowera mankhwala. Kenako, ndipo izi ndikulemba ndi manyazi pang'ono, ndinakayikira mayi. Pa sitovu panali kapoto kothimbirira mkati, ndipo pansi pa mtengo wa gwafa panali timitengo tothyoledwa kumene.

"Mayi, kodi mukuwapatsanso zina zapadera?"

Mayi anaika pansi mbale imene ankapukuta. "Iwe, ine ndinakuyendera m'zipatala uli khanda mpaka masilipasi kutha, lero ndisanduke sing'anga? Masambawo amawiritsa okha abambo akowo. Akuti ndi otsukira m'kamwa, nkhama zikuwawawa."

Ndinapepesa. Koma ndinaona kuti nawonso ayamba kundiyang'ana mwachilendo, ngati ndabwera kudzafufuza nyumba yawo.

Chotsala chinali mankhwala enieniwo. Nkhani za mankhwala achinyengo timazimva. Bambo atavula malaya kupita kukasamba, ndinatenga makapisozi awiri m'kathumba kaja mwakachetechete. Cholinga changa chinali choti ndikasungunule ufa wake kuntchito, ndinyowetsere kapepala, ndione ngati upanga bwalo m'kambale.

Sindinafike n'komwe pa kambaleko. Nditatsegula kapisozi woyamba, munalibe kanthu. Munangotsala kafumbi koyera komatirira m'mbali. Wachiwiri chimodzimodzi. Kunja anali otsekedwa bwinobwino, osaphwanyika, osakandika.

Nthawi yomweyo maganizo anathamangira kwa munthu wa pa windo la mankhwala uja. Tsiku lotsatira ndinapempha kuchoka kuntchito n'kupita kuchipatalako. Ndinakhala pa benchi ngati wodwala, maso ali pa iye. Anali bambo wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Ndinayang'ana zala zake mmene ankathira makapisozi m'timatumba. Ndinayang'ana wotchi yake, n'kumadzifunsa kuti anaigula bwanji. Atatembenuka kukatenga botolo kuseri kwa shelefu, mtima unati ndi pomwepo amachitira zakezo. Mawu omunenera ndinali nditawakonza kale m'mutu.

Chimene chinandigwira pakamwa ndi chizolowezi changa chomwe chija. Makapisozi awiri si umboni. Ndinatsatira mayi wina amene analandira mankhwala ofanana ndi a bambo, ndinadzifotokoza, n'kuwapempha kuti ndione kapisozi mmodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atakumbatira chikwama chawo, koma anandipatsa. Nditamugwedeza pafupi ndi khutu, ufa unamveka. Anali wodzaza.

Madzulo ake ndinapita kunyumba n'kuwauza onse awiri zimene ndinapeza. Mayi anadzuka pampando.

"Akuba! Kupha munthu masanasana! Mawa ndikamugwira pakhosi ameneyo, andiuze ufawo amagulitsa kuti!"

"Zisiyeni, mayi ake," anatero bambo, maso ali pa wailesi. "Mwina makina a ku fakitale anangolumpha. Zimachitika."

Ndinawayang'ana. Awa ndi bambo amene anayendapo wapansi kudutsa tauni yonse kukabweza ulusi chifukwa anapezamo mfundo imodzi. Munthu amene amanunkhiza nsalu. Lero auzidwa kuti akhala akumeza zikhokhombe, iwo n'kuti zimachitika? Sanafunse funso ngakhale limodzi. Sanati ndiwaonetse. Pa anthu onse amene ndinawakayikira, awa okha ndi amene sindinafune kuwakayikira, koma zala zimene zingatsegule kapisozi n'kumutsekanso osasiya chizindikiro ndinkazidziwa. Ndi zala zimene zimalowetsa ulusi pa singano popanda kuyang'ana.

Mawa lake masana ndinapita ku shopu osawauza. Chitseko chinali chotseka theka, makina ali zii. Wometa uja anali panja akukutumula thaulo.

"Madala ali momwemo, achemwali. Masiku ano masana amatseka pang'ono, akuti akumapemphera. Ife tikuti zikomo, mwina atipemphererako."

Ndinalowa mwakachetechete n'kukoka katani.

Bambo anali pa mpando, mwendo wamanja atausanjika pa situlu, buluku atalipinda mpaka pa bondo. Bandeji inali pambali, yokulungidwa mwaudongo. Pakati pa bala anagonekapo ulusi woyera, kuligawa pawiri. Mbali ya kumtunda inali mbuu ndi ufa. Ya kumunsi inali yonyowa ndi madzi ofiirira. Pa thabwa lositirapo panali sosala ya ufa woyera, botolo la madzi a gwafa, ndi zikhokhombe za makapisozi zondandalikidwa ngati mabatani, kudikira kutsekedwa. M'manja anali ndi tepi.

Fungo lake sindilifotokoza.

"Munthu amagogoda," anatero bambo.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Kafukufuku wina uja unanena kuti akufunika."

Ndinafuna kukhala pansi koma panalibe pokhala. "Ndiye ufa wonse uja..."

"Uli apa, sunatayike. Tandiuza, a Dokotala. M'kambale kako muja, tizilombo unkatimwetsa mankhwala ndi madzi, kapena unkaika pompo pamene tili?"

"Ndinkaika pompo."

"Eya. Ndiye ine bala lili pa msongolo, mankhwala ndiwatumize kumimba? Akafike liti kuno? Ndani akawalondolere njira? Ndiye ndati ndiike pompo, uku a chipatala, uku gwafa, ndione ndi maso anga amene akugwira ntchito. Zikhokhombezi ndimameza kuti amayi ako agone tulo." Analoza ndi tepi. "Ndipo taona, kumtundaku kwayamba kuuma. Koma gwafanso sakugonja."

Choipa n'chakuti mmene ankalankhulamo munali dongosolo. Anagawa bwino, ankayeza tsiku lililonse, ankathira mofanana. Ndinamva pakamwa panga payamba kale kukonza mawu a mu labotale, oti pali zinthu zingapo zofunika kuziganizira. Ndinawameza.

"Bambo, kambale kalibe mkati. Tizilombo tonse timakhala pamwamba, n'chifukwa chake timaika pompo. Mwendo uli ndi mkati. Tizilombo tinachoka kale pabalapo, tili m'mnofu, tikukwera. Kumeneko ufa wothira pamwamba sufikako, gwafanso safikako. Amafikako ndi magazi okha, ndipo magazi amanyamula zimene mwameza."

"Zimenezo ndi zonena. Ine ndikuona bala likuchepa."

"Mukuyeza bala. Mwendo mwauyeza?"

Mzere wa namwino uja unali ukuonekabe mwa apo ndi apo, ndipo khungu lotupa, lonyezimira, linali litaudutsa kalekale kulowera ku bondo. Ndinatenga tepi m'manja mwawo. Aka kanali koyamba pa moyo wanga kuwalanda tepi.

"Katumba wanu ndi mainchesi angati?"

"Fotini. Chiyambire ndili mnyamata."

Ndinagwada n'kuyeza wa kumanzere. Fotini ndendende. Ndinazunguliza tepi ku wamanja, iwo n'kuluma mano nditangokhudza. Seventini.

"Wakoka molekerera," anatero. Anayeza okha. Kenako anaiyang'anitsitsa tepiyo mbali zonse, anaiponya pa tebulo, n'kundituma kuti nditenge ina m'dirowa, yatsopano, ya m'pepala. Anayezanso. Seventini.

Ndili chigwadire choncho m'pamene ndinaona msoko wa buluku lawo. Mwendo wa kumanzere unali ndi msoko wakale. Wa kumanja unali ndi ulusi watsopano, ndipo pambali pake pankaoneka timabowo ta msoko umene unasomoledwa.

"Bambo, bulukuli mwalikulitsa liti?"

Anayang'ana msokowo nthawi yaitali ngati wasoka ndi munthu wina.

"Limandithina," anatero motsitsa mawu.

"Mwendo umodzi wokha?"

Kunja wometa ankaseka ndi kasitomala wake. Bambo anachotsa ulusi woyera uja pabala pang'onopang'ono, anaukulunga pa chala monga amachitira ndi ulusi uliwonse wotsala, kenako anazindikira chimene akuchita n'kuutaya.

"Mwananga, adula?"

Funso limeneli yankho lake loona linali lomwe lija, lakuti zimatengera. Sindinalinene. Ndinati, "Tikapita panopa, pali mwayi. Tikadikira, adula. Valani nsapato."

Kuchipatala anawagoneka tsiku lomwelo. Mankhwala ankalowa kudzera m'diripi, ndipo madokotala anachotsa mnofu umene unali utawonongeka. Ndinawauza madokotalawo zonse, za ufa ndi za gwafa zomwe, bambo akundiyang'ana ngati ndawapereka kwa adani. Mayi atamva za zikhokhombe sanakalipe. Anangoti, "Ndiye ine ndinkaima pompo kulondera mphepo?" ndipo tsiku lonselo sanawalankhule. Koma chakudya anabweretsa, n'kuwadyetsa okha.

M'wodimo anamwino anawadziwa msanga. Botolo lililonse asanalipachike, bambo ankapempha kuti aliwone kaye, awerenge tsiku lothera ntchito. Mmodzi anafika pomangolowa atalinyamula m'mwamba, akuti, "Agogo, yesani kaye!" osadziwa kuti watchula dzina lawo.

Mwendo sanadule. Koma unachira mochedwa, ndipo pa msongolo panatsala dzenje, kakolo n'kuuma moti sapindika bwino. Shopu inakhala yotseka nthawi yaitali, makasitomala ena anapita kwina. Panopa bambo amapalasa ndi phazi lamanzere. Poyamba msoko unkapita uku ndi uku ngati wa wophunzira, ndipo ankausomola okha mokwiya, osalola kuti chovala chotero chituluke pakhomo. Tsopano wawongoka, kungoti amachedwa.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinakawatengera mankhwala pa windo lija. Ndinamupatsa moni wautali bambo wochepa thupi uja, kumufunsa za kunyumba ndi za ana, mpaka anayamba kundiyang'ana mokayikira. Sakudziwa chimene ndinatsala pang'ono kumuchita, ndipo sindinapeze njira yomuuzira.

Kuti ndisalakwire mbali iliyonse, ndinene izi. Sindikunena kuti masamba alibe mphamvu. Bwalo laling'ono lija ndinaliona ndi maso anga, ndipo anthu odziwa kuposa ine akufufuzabe zinthu zotere. Ndikungonena kuti zimene ndinaona zinachitika m'kambale kagalasi, ndipo mwendo wa munthu si kambale. Bambo mpaka lero amati kafukufuku wawo anasokonezedwa asanathe, gwafa sanapatsidwe mpata wokwanira. Amanena akuseka, koma ndikamachoka ndimasuzumirabe kuseri kwa katani.

Sabata yathayi wometa uja anandiimitsa pakhomo pa shopu. Anandionetsa chala chotupa, ndi mankhwala amene anamupatsa kuchipatala. Anati wamwa pang'ono, ululu watha, ndiye akuganiza zosunga otsalawo n'kumalizira ndi masamba, poti anamva kuti ine ndinapeza kuti gwafa amapha tizilombo. Bambo anasiya kupalasa makina, n'kumandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mawu oti "zimatengera" ndi oona, ndipo kuntchito ndipitiriza kuwalemba. Koma ndatsimikiza kuti azitsala komweko pamodzi ndi gawuni yoyera. Munthu wodwala akandifunsa, ndizimuyankha zoti angathe kuchita, ndipo ndikaonetsa wina chithunzi cha kambale, ndizinena kaye zimene kambaleko sikangamuuze. Wometayo ndinamuuza kuti ameze onse mpaka kathumba katsale kopanda kanthu, ndipo chala chikapitiriza kutupa abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

"Ndi ufa wake womwe," anawonjezera bambo, n'kuyambanso kupalasa.